Kwa mayi wofunsa zoti azipanga ndi ana m'nyumba mvula ikamagwa

Mayi, mwati muli ndi ana awiri, wa zaka zitatu ndi wa zaka zisanu, holide yayamba, mvula ikuwatsekera m'nyumba, akungolimbirana foni, ndipo ndalama yogulira makrayoni ndi utoto wa m'shopu palibe. Za ndalamazo musadandaule nazo. Ine ndimathandiza pa sukulu ya mkombaphala ya m'dera mwathu, ndipo zimene ana amakanirira kwambiri kumeneko n'zotola pakhomo. Ngakhale aphunzitsi a ku pulayimale amaphunzira zomwezi ku koleji, zija amati TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera momwemo.

Koma ndiyambe ndi zithunzi zimene anzathu ena ayika pansi pa funso lanu, za maluwa a mapepala odulidwa bwinobwino aja. N'zokongola, koma apanga ndi akuluakulu. Mukafuna kuti cha mwana wanu chifanane ndi chithunzi, mapeto ake sizasi mugwira ndi inu, guluu mupaka ndi inu, mwana n'kumangoonerera, kenako muona wazemba wabwerera ku foni ija. Inu ntchito yanu ndi kukonza zipangizo, kudula pamene pafunika mpeni, ndi kukhala pafupi. Zotsalazo apange yekha, zipindike zipindike.

Yambani ndi dongo. Ngati muli pafupi ndi dambo kapena chulu, katapeni dothi lomata lija, osati la pafupi ndi chimbudzi kapena khola. Chotsanimo timiyala ndi mizu, thirani madzi pang'onopang'ono mukukanya mpaka lisiye kukakamira m'manja. Mukafuna kudziwa ngati lafika, pangani kanjoka pachikhatho n'kukapinda. Kakathyoka, madzi achepa kapena mchenga wachuluka. Kakapindika osang'aluka, aitaneni ana. Wa zaka zitatu musamuuze kuti aumbe ng'ombe. Iye apanga timipira, atiphwanya, apanganso, abaya zala, ndipo kwa iye ntchito ndi imeneyo. Wa zaka zisanu ndi amene angakwanitse ng'ombe ya linunda lake, timiphika ta masanje, kapena galimoto yomwe matayala ake amalowetsa pa kamtengo. Nyengo ino zinthu siziuma msanga, ndiye ziikeni pa katoni pakhonde kapena kukhitchini chapatali ndi mbaula. Mukaziyanika pa dzuwa lamphamvu zikadali zonyowa zimachita ming'alu, ndipo miyendo ya ng'ombe ndi imene imayamba kugwa, choncho muuzeni aziumba yaifupi, yonenepa. Dongo lotsala likulungeni m'jumbo, mawa lidzakhala lofewabe. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo, zikhadabo zomwe.

Ngati muli m'tauni moti dongo mulibe, sakanizani makapu 2 a fulawa wophikira mandasi, kapu 1 ya mchere ndi madzi osapitirira kapu imodzi. Ufa wa chimanga musavutike nawo, sugwirana, umangoyoyoka. Chokhacho, mcherewo ndi wambiri, wamng'onoyo asadye.

Utoto uli pabwalo panu. Katondo wofiira uja mumuyanike, mumusefe, muthire timadzi, mwapeza mtundu wofiira. Makala operapera akupatsani wakuda. Phulusa losefa kapena choko chotsala chikupatsani woyererako. Chidede chouma mukachinyika m'madzi otentha chimatulutsa kufiira kokongola, ngakhale pa pepala kamazilala kakauma. Masamba osinja amanamiza, amaoneka obiriwira pamene ali onyowa, mawa lake asanduka akhaki, koma ana sizimawakhudza. Burashi ndi kamtengo kotafuna kumapeto ngati mswachi, nthenga ya nkhuku, kapena chala chenichenicho. Amene munafikako ku mapiri a Chongoni ku Dedza mukudziwa kuti zojambula za m'mapanga zija, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndi za mitundu yomweyi, yofiira ndi yoyera, ndipo zoyerazo makolo athu Achewa ankajambula ndi dothi loyera. Palibe anakagula utoto ku shopu.

Pojambulapo musawononge makope a sukulu. Phwasulani katoni ya sopo kapena ya shuga, funsani pa golosale, ambiri amangotaya. Kuseri kwa kalendala yakale nakonso ndi kwabwino chifukwa mwana wamng'ono amajambula ndi mkono wonse, pepala laling'ono limamupanikiza. Mvula ikakata, apatseni makala ajambule pa simenti pakhonde, mudzatsuka. Masamba a mapapaya, a chinangwa ndi a mbatata apakeni utoto kumsana kwake komwe kuli mitsempha, mwana adinde pa katoni ndi chikhatho. Akamanyamula tsambalo muone mmene maso amatuluka.

Guluu phikani nokha. Supuni 2 za ufa wa kondowole kapena fulawa m'kapu ya madzi ozizira, takasani, ikani pamoto mukutakasabe mpaka alimbe ngati phala la mwana ndi kuyamba kuoneka ngati galasi. Akazizira ndi wokonzeka. Amamata mapepala, masamba, tizidutswa ta chitenje topempha kwa telala, mchenga, makoko a mazira. Pangani wochepa chifukwa pakatha masiku awiri amasasa, ndipo zomatazo muzipachike pamwamba, apo ayi mphemvu ndi makoswe azichita phwando usiku. Supuni imodzi ya guluu yemweyu mukaithira mu utoto wa katondo uja, sufufutika ukauma. Wina muno wanena zoti kale ankamata ndi utomoni wa nkhadze. Ndi zoona ambiri tinkatero, koma chonde ayi. Utomoni umenewo ukalowa m'maso umatentha koopsa, ndipo mwana wa zaka zitatu dzanja lake silichedwa kupita kumaso.

Poti ndi nyengo ya mango, musataye njere za mango aulusi aja. Zitsukeni, ziyanikeni, ulusi uja ukauma umakhala tsitsi. Mwana alipesa, alimanga, ajambula maso ndi khala, amuveka kansalu, chidole chatheka. Anyamata nawonso amachikonda, musamvere zoti zidole n'za atsikana okha. Mapesi ndi zitsononkho, zopangira magalasi ndi ngolo, pano n'zosowa. Zimenezo mudzasunge mukadzakolola mu April kapena May.

Wamkuluyo akayamba kunyong'onyeka ndi zojambula, mpatseni za galimoto. Paketi ya mkaka kapena ya juwisi yotsuka bwino, timitengo tiwiri towongoka, zitsekerero zinayi za mabotolo a pulasitiki. Inu booleni zitsekererozo ndi msomali wotentha, iye alowetse matayala, amange chingwe chokokera. Tayala likakana kuzungulira musathamangire kukonza. Mufunseni kuti likugwira pati, ayang'ane, ayesenso. Galimoto za mawaya zidikire kaye, waya umabaya, n'za ana a zaka eyiti kupita m'tsogolo. Zitsekerero zomwezo akhoza kuzitunga pa chingwe kupanga mkanda, chofiira, chabuluu, chofiira, chabuluu, ndipo apo masamu a Sitandade 1 wayamba kale osadziwa. Wamng'onoyo mupangireni maseche: botolo laling'ono louma, timiyala kapena chimanga pang'ono, tsekani mwamphamvu n'kukulunga ndi tepi. Mabotolo awiri, lina mchenga lina timiyala, amve kusiyana kwa kulira kwake. Chitini cha mkaka ndi ng'oma. Phokoso lake mupirire.

Apa ndiye ndiyankhule mosapsatira, chifukwa wanu wamng'onoyo akadali pa msinkhu woika zinthu m'kamwa ndi m'mphuno. Chilichonse chimene chingalowe m'kachubu ka pakati pa tishu n'chaching'ono kwa iye ngati inu simuli pompo. Nyemba ndi nandolo n'zokongola pomata, koma nyemba ikalowa m'mphuno imafufuma. Zikachitika musatokose ndi machesi kapena pini, mukhoza kuikankhira mkati, pitani naye ku chipatala. Nthanga za nsatsi ndi tinjere tofiira tokhala ndi kadontho kakuda tija n'zapoizoni, zisapezeke m'bokosi la zoseweretsa. Timabatire tozungulira ta mawotchi ndi timatochi n'toopsa kuposa zonsezi, mwana akameza thamangirani ku chipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka bwinobwino. Zigubu zomwe munali mankhwala a mbewu kapena a m'munda musazitsuke kuti ana asewerere, zitayeni kutali. Lezala ayi. Baluni yophulika ndi majumbo, tolani.

Musayembekezere kuti akhala ola lonse. Wa zaka zitatu akakhala mphindi khumi wachita bwino, wa zaka zisanu mwina theka la ola zikamukomera. Akadzuka, musiyeni, abwereranso. Tulutsani chinthu chimodzi pa tsiku, lero dongo, mawa utoto, chifukwa mukathira zonse pamphasa nthawi imodzi amangomwaza. Yalani thumba la saka pansi, avekeni malaya akale a bambo awo, ndipo kutolera akamaliza ikhale mbali ya masewerawo. Pa nkhani yolimbirana, aliyense akhale ndi katoni yake ndi mbulu wake wa dongo, utoto wokha ndi umene agawane. Komanso wamkuluyo mumuletse kukonzera mng'ono wake, amakonda zimenezo ana a zaka zisanu.

Ndipo mwana akakubweretserani chojambula chake, musaseke, musafunsenso kuti "Ndiye chiyani chimenechi?" Mungoti "Tandiuze za chithunzi chakochi." Wa zaka zitatu nthawi zambiri amakhala akungoyamba kujambula chozungulira, ndipo akamafika zaka zinayi amajambula munthu wa mutu waukulu, miyendo yotuluka m'mutu momwemo, wopanda mimba. Umu ndi mmene ana amayambira kulikonse, si kulakwitsa, ndiye musamugwire dzanja kuti awonjezere khosi. Zimene wakuuzani zilembeni m'munsi mwa chithunzicho pamodzi ndi deti, iye akuona, kenako mupachike pakhoma pa msinkhu wa maso ake.

Mawa m'mawa pezani kaye dongo ndi katoni ziwiri. Ngati kwanuko dothi ndi lamchenga lokhalokha, funsani amayi oumba mbiya kapena owumba njerwa komwe amatapa, kapena nenani dera lanu muno, alipo amene akudziwa.