Khwangwala wanu alibe ng'ala, achemwali

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 amene angoyamba kumene kujambula mbalame. Anatumiza chithunzi cha khwangwala atatera pa mpanda, diso lili mbuu ngati lathiridwa mkaka. Funso lawo linali lakuti: "Kodi ameneyu ali ndi ng'ala? Nanga bwanji pa zithunzi zina zisanu za nthawi yomweyo diso lili bii bwinobwino?"

Achemwali, khwangwala wanuyo ali bwino. Chimene mwajambulacho ndi chikope chachitatu.

Ife tili ndi zikope ziwiri, chapamwamba ndi chapansi. Mbalame zili nazonso, koma mkati mwake muli kachikopa kena kopyapyala, kooneka ngati pepala la pulasitiki lonyowa. Kameneka sikatsika kuchokera pamwamba ayi. Kamachokera pa ngodya ya diso ya kufupi ndi mlomo n'kuyenda cham'mbali kulowera kukhutu, ngati mmene munthu amakokera katani pa windo. Kamapukuta fumbi, kamanyowetsa diso, n'kubwerera. Ndiko kuphethira kwa mbalame zambiri. Zikope zenizenizo zimadikira nthawi ya tulo, ndipo pamenepo chapansi ndicho chimakwera kwambiri.

Maso athu sakaona chifukwa kamathamanga zedi. Kamera ndiye sinama. Mukaika liwiro la shutter, kachitseko ka m'kamera kolowetsa kuwala, pa 1/1000 ya sekondi n'kujambula zithunzi zambiri motsatizana, chimodzi chidzakagwira ndithu, mwina katatseka theka la diso, mwina lonse. Kwa akhwangwala kamaonekera kwambiri chifukwa ndi kotuwira pomwe mutu wonse ndi wakuda. Ine ndinapusitsidwapo ndi kakowa ku Malingunde. Ndinafika kunyumba ndikumumvera chisoni, kenako n'kuona kuti pa chithunzi chotsatira akundiyang'ana ndi diso lake lachikasu lija, lopanda banga.

Ngati simukundikhulupirira, musavutike n'kupita ku Dzalanyama. Gwirani nkhuku ya pakhomo, muiyandikize kumaso, mudikire. Mudzaona kanthu koyera kakudutsa pa diso, psiti. Mukatero kadziyang'aneni pa galasi. Kanyama kofiirira kamene kali pa ngodya ya diso lanu cha kumphuno ndi kotsalira ka chikope chomwecho. Kwa ife kanasiya ntchito kalekale.

Poti mwayamba kuyang'anitsitsa maso, pali china chimene chidzakuthandizeni. Diso la mbalame ndi lalikulu kuposa kadontho kamene timaona kunjaka. Gawo lalikulu labisika m'chigaza, ndipo lazunguliridwa ndi mkombero wa timafupa. La nthiwatiwa limafika pafupifupi masentimita 5, kuposa ubongo wake. Chifukwa chodzaza chonchi, silitembenuka momasuka ngati lathu, ndiye mutu ndi umene umagwira ntchito. N'chifukwa chake nkhuku ikamva mphamba imapendeketsa mutu n'kuyang'ana kumwamba ndi diso limodzi. Mbalame ikakupendekerani mutu chotero si kuti ikukupewani. Ndi pamene ikukuonani bwino, ndipo ndi nthawi yodina batani.

Kadzidzi ndiye wanyanya. Maso ake si obulungira, ndi otalika ngati kachitini, ndipo ali ngati okhomedwa. Kuti aone kumbali ayenera kupotoza khosi, lomwe lili ndi mafupa 14 pomwe ife tili ndi 7, ndipo limatha kuzungulira mpaka madigiri 270. Agogo anga ankati mbalame yoyang'ana kumbuyo thupi lili chilili ndi ya mfiti. Sindinkawatsutsa, ndinali mwana, koma nkhani yake ndi ya mafupa basi. Pempho langa n'lakuti musamamuwalitsire flash pafupi usiku. Chithunzi chimatuluka ndi maso ofiira psuu, kuwala kutabwerera kuchokera ku mitsempha ya magazi ya mkati mwa diso, ndipo mbalameyo mwaithobwa pa nthawi imene ikusaka chakudya.

Ng'ala yeniyeni mbalame zimadwala, makamaka zokalamba kapena zovulala. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Ng'ala imakhala pakati pa diso, pa mwanadiso, ndipo imaoneka pa chithunzi chilichonse. Chikope chachitatu chimaphimba kuchokera m'mbali, nthawi zambiri chili ndi mzere woonekera pamene chathera, ndipo pa chithunzi chotsatira mulibe. Inu mwanena nokha kuti zisanu zija zili bwino.

Chithunzicho musachifufute. Chikulitseni pa kompyuta muone ngodya ya kumbuyo kwa diso: pa chimene mwanditumizirachi patsala kampata kakuda kamene katani uja anali asanafikepo.