Kodi ndi kachipangizo kati kosamutsira matepi a VHS pa kompyuta?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi matepi a VHS a maukwati a m'banja mwathu ndi a kwaya ya kumpingo kwathu kuno ku Angónia, ndipo ndikufuna kuwasamutsira pa kompyuta asanawonongeke. Mumzinda wa Tete ndinaona kabokosi kolembedwa kuti 1080p, pomwe mlamu wanga wa ku Dedza akuti ndigule EasyCap chifukwa ndi yotchipa. Kodi ndi kati kamene kamatulutsa chithunzi chabwino? Ndine bambo wa ku Ulongwe.

YANKHO: Bambo, nambala ya 1080p ija, imene imatanthauza chithunzi cha mizere 1080, isakukopeni. Matepi a kuno ku Mozambique, monganso a ku Malawi, amatsata dongosolo la kanema lotchedwa PAL, limene lili ndi mizere yooneka 576 ndi zithunzi 25 pa sekondi, choncho kachipangizo kabwino ndi kamene kamatenga zimenezi momwe ziliri pa muyeso wa 720x576. Kabokosi ngati kamene munaonako, kolandira mawaya a RCA (wachikasu wa chithunzi, wofiira ndi woyera a mawu) n'kutulutsa pa waya wa HDMI wa ma TV amakono, sikangawonjezere zimene kamera sinajambule. Kamangofufumitsa chithunzicho, ndipo timabokosi tambiri timatambasula muyeso wa 4:3 wa ma TV akale kuti udzaze 16:9 wa ma TV otambalala amakono, moti mkwatibwi amaoneka wamfupi ndi wojintcha kuposa mmene analili. Kuwonjezera apo, chithunzi chilichonse cha PAL chimapangidwa ndi magawo awiri olukanalukana, amene ndi magawo 50 pa sekondi, ndipo timabokosi totchipa nthawi zambiri timawasakaniza molakwika kapena kutaya theka lake, zimene zimaonekera msanga pamene anthu akuvina.

Mlamu wanu wayandikira ndithu, koma dzina la EasyCap limalembedwa pa tizipangizo ta USB ta makampani osiyanasiyana tokhala ndi zam'kati zosiyana, kotero kugula kwake n'kwamwayi. Tina timagwira bwino, pamene tina timawalitsa zoyera mopitirira muyeso mpaka diresi la ukwati kapena malaya a kwaya kusanduka chigamba chopanda makwinya, ndipo mawu amayamba kutsalira m'mbuyo mwa milomo tepi ikafika pakati. Mwa tizipangizo ta USB, ife tingakulozereni ku Hauppauge USB-Live2 kapena I-O Data GV-USB2, chifukwa timapereka chithunzi cha 720x576 chosafinyidwa. Elgato Video Capture ndi yosavuta kugwiritsa ntchito, koma imasunga kanemayo pa 640x480, ndiye kuti mizere ina ya PAL yatayika kale. Canopus ADVC-110 imasunga mawu ndi chithunzi mogwirizana bwino ndipo ola limodzi limadya pafupifupi 13 GB, kungoti imafuna polumikizira pa mtundu wakale potchedwa FireWire, pamene makompyuta ambiri a masiku ano alibe.

Komabe tikuuzeni mosabisa kuti deki yoseweretsera tepiyo ndi imene imalamula kwambiri kukongola kwa chithunzi kuposa kachipangizoko. Waya wachikasu uja umanyamula kuwala ndi mitundu pamodzi, n'chifukwa chake zofiira zimasefukira m'mbali mwa zovala, pamene waya wa S-Video umazinyamula padera ndipo m'mphepete mwa zinthu mumaoneka bwino. Polumikizira pa S-Video pamapezeka kawirikawiri pa madeki a S-VHS (mtundu wapamwamba wa VHS), amene ndi osowa, koma ndi bwino kufunsa kwa amene ankajambula maukwati kale kapena amene anali ndi nyumba zoonetsera vidiyo. Ngati chithunzi chikugwedera kapena kupindika kumtunda, chofunika ndi chipangizo chowongola mizere chotchedwa TBC, ndipo ambiri amadutsitsa chithunzicho m'makina ojambulira DVD a Panasonic DMR-ES10 kuti chiwongoke chisanafike pa kompyuta. Tepi imene yachita chuku, monga zimachitikira m'nyengo ya mvula kumapiri a Angónia ndi Tsangano, musailowetse m'deki isanayeretsedwe, popeza imadetsa mitu ya dekiyo ndi kupatsira matepi enawo.

Musanalipire, tengani tepi imodzi yokhala ndi zovala zoyera ndi anthu ovina, ndipo mupemphe wogulitsayo kuti muyesere pomwepo, mukuyang'ana zoyerazo, mapazi a ovina ndi milomo ya oimba. Mukasamutsa, sungani failo yaikuluyo pa hard drive osaichepetsa, kenaka mupangepo ina yaing'ono yotumizira abale pa WhatsApp, ndipo matepiwo musawataye, chifukwa mukadzapeza deki yabwinopo mudzafuna kuwasamutsanso.