Musagule rimoti ina, achimwene: yambani mwafufuza waya wobiriwirayo

Achimwene a ku Rosettenville, uthenga wanu ndauwerenga, zithunzi zitatu zija ndazionanso. Kwa amene mwangolowa kumene: m'bale wathuyu ali ndi rimoti ya One For All, ya mtundu uja wokhala ndi timapini 6 m'malo oika mabatire, ndipo akufuna kuilumikiza ku laputopu kuti aziikamo yekha makodi a TV ndi wailesi kudzera pa pulogalamu ya RMIR. Anagula kachingwe ka USB ka mawaya anayi, wofiira, wakuda, woyera ndi wobiriwira, n'kulumikiza motsatira chithunzi cha pa intaneti. Wamasula ndi kuwotchereranso katatu konse, koma RMIR ikungomuuza kuti palibe rimoti yomwe yapezeka. Ndiye akufunsa ngati waipsereza, kuti mwina angogula ina.

Musagule kaye. Lozani rimotiyo ku kamera ya foni, dinani batani lililonse. Mukaona kanyali ka kutsogolo kakuthwanima pa foniyo, rimoti ili moyo. Kuwala kwake maso athu sakuona, koma makamera a mafoni ambiri amakuona. Ikakana kamera ya kumbuyo yesani ya kutsogolo. Ndipo ngati ikusinthabe matchanelo pa TV, nkhani ya kupsa tiyiiwale.

Ine ndikukayikira chinthu chimodzi, ndipo ndikuchiona pa chithunzi chanu chachiwiri. Chithunzi chomwe mwatsatira chinajambulidwa poganizira chingwe cha FTDI, chija amachitcha TTL-232R-3V3. Chimenecho chili ndi mawaya 6 ndipo mitundu yake ili ndi tanthauzo lake: wakuda ndi GND, wa olenji ndi TXD, wachikasu ndi RXD, wobiriwira ndi RTS, wofiira ndi wa magetsi, wa bulauni ndi CTS. Pa rimoti ya JP1.2 kapena JP1.3 amalumikiza anayi okha: wobiriwira ku pini 2, wakuda ku pini 3, wa olenji ku pini 4, wachikasu ku pini 6. Tsono kachingwe kanu si kameneko. Pa tizingwe totchipa ta mawaya anayi, kawirikawiri wofiira ndi 5V, wakuda ndi GND, woyera ndi RX, ndipo wobiriwira ndi TX. Mwauona msampha? Munaona wobiriwira pa chithunzi, n'kuona wobiriwira m'manja mwanu, basi munawakwatitsa. Koma ndi anthu awiri ongofanana malaya. Waya wa RTS mu kachingwe kanuko mulibiretu.

Nchifukwa chiyani RTS ili yofunika chonchi? Rimoti nthawi zonse imakhala ikudikira mabatani, simvetsera za kompyuta. Pini 2 ndi ya RESET. Pulogalamu imayamba yagwetsa RTS kuti rimoti izime n'kudzukanso, ndipo pa kanthawi kochepa kamene ikudzuka ndi pomwe imalankhula nayo kuti ilowe m'njira yolandirira zinthu. Zili ngati kupita kwa munthu m'mamawa: umayamba wagogoda, akadzuka ndiye umanena chomwe wabwerera. Inu mwakhala mukuyankhulira pachitseko chotseka, komanso mawu anu onse akupita ku pini ya RESET m'malo mwa pini 4. Ngakhale mutawotcherera kakhumi ndi manja a katswiri, sizingatheke.

Waya wofiira uja mwati munauika ku pini 1 poona kuti ndi ya magetsi: uchotseni lero lomwe, muukulunge ndi tepi. Rimoti imadya za m'mabatire ake, ndipo mabatire awiri amapereka ma volt atatu okha. Kuithira 5V ya ku USB pamwamba pa mabatire ndi kuputa dala tsoka. Ngati yapulumuka mpaka pano, thokozani. Mabatire azikhalamo pamene mukulumikiza, ndipo akhale atsopano, osati aja mwachotsa mu tochi. Batire lofooka limatha kusintha tchanelo bwinobwino koma n'kulephera pa nthawi yolemba mu memory.

Zoti muchite zilipo ziwiri, ndipo ndinena mosabisa yomwe ndingasankhe.

Mukhoza kukang'amba kapulasitiki ka kumutu kwa USB. M'kati mupeza chip ya miyendo 28, ndipo pa tizingwe timeneti nthawi zambiri imakhala PL2303. Mwendo wachitatu wa chip imeneyo ndi RTS. Mumachotsa waya wofiira pomwe pali 5V n'kuuwotcherera pa mwendo wachitatuwo, basi mwapeza waya wachinayi wofunikawo. Zimatheka, ndinachitapo. Koma miyendoyo ndi yotalikirana ndi 0.65 mm yokha, ndipo soldering iron ndaiona pa chithunzi chanu, mutu wake ngati chala chachikulu cha kuphazi, idzagwira miyendo itatu nthawi imodzi. Ine ndinataya Loweruka lonse ndi ntchito imeneyi, magetsi n'kuthimanso ndili pakati, ndinamalizira pa kuwala kwa foni nditailuma pakamwa.

Njira yomwe ndikukulangizani ndi kugula kabolodi ka FT232RL, kaja kofiira. Kamapezeka m'mashopu a zipangizo za magetsi monga Mantech kuno ku Joni, kapena Communica, ngakhalenso kuitanitsa pa intaneti. Kali ndi kajampa kosankhira 5V kapena 3.3V, kaikeni pa 3.3V musanachite china chilichonse. Chenjerani apa: pa mapini a kumapeto kwa kabolodiko pali DTR, osati RTS. RTS ili pa timabowo ta m'mbali, ndipo palembedwa. Anthu ambiri amatenga DTR poganiza kuti ndi zimodzimodzi, chifukwa pa Arduino ndi DTR imene imagwira ntchito ya RESET. Kuno ayi. Mukapeza ka CP2102 kapena CH340 katha kugwiranso ntchito, bola katulutse RTS. Yang'anani zolembedwa pa bolodi musanapereke ndalama. Wogulitsa akanena kuti zonse n'zofanana, mwetulirani, koma muwerenge nokha.

Mukakagula, musathamangire kulumikiza ku rimoti. Vuto lanu lalikulu masiku apitawa silinali mawaya okha, koma kuti mumasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, kenaka n'kuyesa, osadziwa chomwe chathandiza ndi chomwe chaononga. Yambirani ku laputopu, muziyenda pang'onopang'ono kulowera ku rimoti, ndipo musadutse malo amene simunawatsimikize.

Lowetsani kabolodi kokha, tsegulani Device Manager, muone ngati pansi pa Ports patuluka COM yatsopano. Ngati palibe chomwe chasintha, osamva ngakhale kaphokoso ka Windows, sinthani chingwe cha USB kaye. Zingwe zambiri zogula pamsewu, zija za pafupi ndi renki ya Bree, zili ndi mawaya awiri okha a kutchaja, a data mulibe. Kanyali ka pa bolodi kayaka ndithu, inu n'kumati zili bwino, pamene kompyuta sikuona kanthu. Ngati COM yatuluka koma ili ndi kachizindikiro kachikasu, vuto ndi driver. Izi zimakonda kuchitika ndi PL2303: mtundu wakale wa HXA anasiya kuuthandiza mu 2012, ndipo ma driver atsopano a Windows amaukana pamodzi ndi ma chip achinyengo otengera dzina lake, n'kumalemba Code 10. Ichi ndi chifukwa china chomwe sindikufunira kuti muvutike ndi kachingwe kanu kaja. Ma FT232RL achinyengo nawonso alipo. Mu 2014 panatuluka driver yomwe inkawasiyitsiratu kugwira ntchito, ndipo inachotsedwa anthu atadandaula kwambiri. Ndiye kugula pa shopu yodziwika, ngakhale muwonjezerepo marandi angapo, n'kwabwino.

COM ikaoneka bwino, gwirizanitsani TX ndi RX ya kabolodiko ndi kawaya kamodzi. Tsegulani pulogalamu ngati CoolTerm kapena RealTerm, sankhani COM ija, lembani chilichonse. Zomwe mwalemba zikabwerera pa sikirini, ndiye kuti kabolodi kakuyankhula komanso kakumva. Chotsani kawayako muone ngati zasiya kubwerera. Zikamaonekabe, ndi pulogalamu imene ikungokuonetsani zolemba zanu, zimitsani local echo muyesenso. Kenaka tengani mita yanu, ikani pa DC, yakuda pa GND, yofiira pa RTS, ndipo mu pulogalamumo dinani poyatsa ndi kuzimitsa RTS. Muyenera kuona mita ikudumpha pakati pa 0 ndi 3.3. Mayeso awiri amenewa satenga mphindi khumi, koma akadakupulumutsani masiku atatu aja. Mukamaliza tsekani pulogalamuyo, chifukwa COM imodzi singagwiridwe ndi mapulogalamu awiri, ndipo RMIR idzakanika kuitsegula.

Tsopano ku rimoti. Pano ndi pomwe ngakhale odziwa amagwa, chifukwa mapini 6 aja ali m'mizere iwiri ya atatuatatu, ndipo chithunzi chimodzi chimasonyeza mapini mukuwayang'ana pa rimoti pomwe china chimasonyeza mabowo a pulagi. Ziwirizi n'zotembenuzana ngati nkhope ndi galasi. Ine zithunzi sindizikhulupirira, ndimafunsa mita. Chotsani mabatire, ikani mita pa kulira kuja, gwirani mbali ya negative ya malo a mabatire, ija yomwe ili ndi waya kapena chitsulo cholowa m'bolodi, ndipo ndi inayo gwirani mapini amodziamodzi. Yomwe ilire ndi pini 3. Ili pakati pa mzere wake. Mzere umenewo ndi wa 1, 3, 5, winawo ndi wa 2, 4, 6, ndipo 4 yayang'anizana ndi 3. Chatsala ndi kudziwa mbali yomwe kuli 1 ndi 2, ndipo pa bolodi pamakhala nambala 1 kapena kachizindikiro. Bwezerani mabatire, gwirizanitsani pini 2 ndi pini 3 kwa kanthawi kochepa n'kusiya: marimoti ambiri amaphethira kanyali kawo kawiri, monga amachitira mukangoika mabatire. Ikatero mwaipeza RESET, ndipo mwadzioneranso nokha kuti rimoti ikudzuka. Pulagi yanu ipakeni kadontho ka utoto wa zikhadabo mbali ya pini 1. Alamu akakufunsani kuti botolo lawo lapita kuti, ine simunandione.

Za TX ndi RX, kumbukirani kuti pakamwa pa wina pamapita ku khutu la mnzake. TX ya kabolodi ipite ku pini 4, RX ku pini 6. Pali mabolodi ena olembedwa mozondoka, choncho ngati zonse zili bwino koma rimoti sikupezekabe, sinthanitsani mawaya awiri okhawo muyesenso kamodzi. Ndipo GND isaiwalike. Popanda iyo mbali ziwirizi zilibe poyezera kuti magetsi akwera kapena atsika. Mawaya akhale afupi. Mukatha kuwotcherera kokani uliwonse pang'ono, chifukwa mtovu wooneka ngati mpira wotuwa nthawi zambiri umakhala utangokhala pamwamba osagwira.

Chinthu china chomwe sindikuchiona bwino pa chithunzi chanu chachitatu ndi zolembedwa pafupi ndi mapini. Werengani. Zonse ndanenazi ndi za marimoti olembedwa JP1.2, JP1.3 ndi atsopano otsatira pamenepo, amene amasunga makodi m'kati mwa chip yaikulu. Ngati palembedwa JP1 basi, popanda kadontho ndi nambala, imeneyo ndi yakale yokhala ndi EEPROM yapayokha, imene imayankhula chiyankhulo china chotchedwa I2C. Pulagi ndi yofanana, koma kabolodi ka USB kokha sikangaimve, pamafunika adaputala yakeyake. Kalekale tinkazilumikiza pa parallel port, doko lalikulu lija la makina osindikizira, lomwe laputopu yanu ilibe.

Wina wakulangizani m'mwambamu kuti mungogwiritsa ntchito chingwe cha USB chokhala ndi mutu wa mapini 9, cha DB9. Ndi ulemu wonse kwa akulu amenewo, musatero. Chimenecho chimatulutsa RS-232 yeniyeni, yomwe magetsi ake amapita mbali zonse ziwiri, positive ndi negative, ndipo muyezo wake umalola mpaka ma volt 15; kuwonjezera apo ndi yozondoka poyerekeza ndi zomwe rimoti imayembekezera. Popanda chip ngati MAX3232 kapena ma transistor pakati, pamenepo ndiye mudzaipserezadi. Ndipo kwa mlongo amene wafunsa ngati chingwe chomwechi chingakonze rimoti ya pageti la kumene amagwira ntchito: ayi, achemwali. Za pageti, monga za Centurion, zimayenda pa wailesi ya 433 MHz, ndipo zimaphunzitsidwa pa motor ya geti pomwepo, osati pa kompyuta. Imeneyo ndi nkhani ya eni nyumba kapena woyang'anira malowo.

RMIR ikadzaipeza rimoti, dzanja lidzakuyabwani kuti muikemo makodi nthawi yomweyo. Dikirani. Yambani mwakopera zomwe zili m'rimotimo, musunge failo yake ndi dzina loti mudzalikumbukire, ina muitumize ku imelo yanu. Tsiku lomwe mudzalakwitse, ndipo lidzafika, mudzangobwezeramo imeneyo. Pamene ikulemba musagwedeze pulagi, ndipo laputopu ikhale ndi moto wokwanira. Ngati RMIR yawerenga rimoti koma ikuti siikuidziwa, chingwe chanu chapambana kale. Chotsala ndi failo ya RDF ya rimotiyo, ndipo kawirikawiri kutsitsa RMIR yatsopano kumathetsa zimenezo. Pulogalamuyi imayendera Java, ndiye nayonso ikhalemo.

Ine Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ndimakhala ndili ku Turffontein, pafupi ndi kwanu komweko. Kabolodi kofiira ndili nako kapadera, ndi soldering iron ya mutu woonda. Ngati pofika Loweruka simunagule, bwerani ndi rimoti, laputopu ndi mabatire awiri atsopano. Koma musanabwere, jambulani pafupi zolembedwa m'mbali mwa mapini aja muponye muno, kuti ndidziwiretu ngati ndi JP1.3 kapena ndi yakale ija.