Mayi, musagule mndandanda wa mafoni a amuna anu

Mayi ena a ku Chilomoni andilembera imelo. Akukayikira amuna awo, ndipo mnyamata wina wawauza kuti atamupatsa kangachepe angawabweretsere mndandanda wa manambala onse amene bambowo akhala akuimbira. Akufunsa ngati zimathekadi, komanso ngati agule.

Zimatheka, mayi, ndipo ine ndinazionera pakhomo pa achemwali anga. Iwowa amagulitsa kaunjika ku Limbe. Tsiku lina alamu anatulukira ndi mapepala, nambala imodzi ataizunguliza ndi cholembera chofiira. Nambalayo inkaoneka mbandakucha uliwonse, n'kudzaonekanso madzulo. Ankhoswe anaitanidwa, achemwali analira mpaka mawu kusasa, ana akumvetsera kuseri kwa chitseko. Pomwe nambala ija imaimbidwa pamaso pa onse, anayankha ndi mnyamata wa kabaza amene amawanyamulira katundu popita ndi pobwera kumsika. Anthu anaseka, akuluakulu n'kunena kuti nkhani yatha, tiyeni tidye nsima. Ine ndinafunsa kuti mapepalawo achokera kuti. Alamu anangoti "ndili ndi munthu wanga mkatimo," ndipo amalume anandiyang'ana ndi diso londiuza kuti ndikhale chete.

Mpaka lero zimandiwawa. Pabwalo lonse lija wozengedwa mlandu anali mayi wosalakwa, pamene wakuba weniweni, amene anatsegula kompyuta ya kuntchito kwake n'kugulitsa chinsinsi cha kasitomala, palibe anamutchula. Banjalo lilipo, koma achemwali akaimbira munthu aliyense amafufuta nambala nthawi yomweyo, ngakhale ya abusa.

Pepala limeneli silinena zomwe anthu anakambirana. Limangoonetsa nambala, tsiku, nthawi, mphindi zomwe mwalankhula, ndipo kampani imadziwanso nsanja ya netiweki imene foni yanu inali pafupi nayo. Pamene pasoweka mawu, munthu wansanje amaikapo akeake. Komanso n'zokwanira kuulula kuti mumaimbira sing'anga uti, loya uti, mtolankhani uti, ndiponso kuti munagona ku Bangwe pomwe munati muli ku Ndirande. Wogulitsayo sasankha kasitomala. Lero agulitsa kwa mayi wosweka mtima, mawa kwa bambo amene akusakasaka mkazi yemwe anathawa nkhanza zake. N'chifukwa chake ine sindivomera zoti wogula ndi wosalakwa. Msikawu ulipo chifukwa cha ogula.

Ku America zinafika poipa mu 2006. Wolemba wina wa pa intaneti anagula mndandanda wa mafoni a Wesley Clark, mkulu wa asilikali wopuma amene anafunapo upulezidenti, ndi ndalama zosakwana madola 100, pofuna kuonetsa kuphweka kwake. Chaka chomwecho zinaululika kuti kampani ya Hewlett-Packard inalemba anthu ofufuza omwe ankanamizira kukhala eni manambala kuti apeze mafoni a atolankhani ndi a mabwana ake omwe. Wapampando wa bodi, Patricia Dunn, anatula pansi udindo, ndipo dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa mchitidwewu.

Kuno kwathu tinakangana kwambiri za makina a CIRMS a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, aja tinkawatcha makina aukazitape, mpaka nkhani inakafika kukhothi. Tinkaopa boma. Koma taonani zomwe timachita tokha. Kuyambira 2018 nambala iliyonse inamangiriridwa ku chiphaso cha unzika, choncho nambala yanu ndi dzina lanu ndi chinthu chimodzi. Ndiye mupite kwa ejenti kukatapa ndalama: buku lili chitsegukire pathebulo, maina, manambala ndi ndalama zomwe munthu watapa zili poyera, aliyense pamzere akuwerenga. Pageti la maofesi ambiri m'tauni muno mlonda amakulembetsanso dzina ndi nambala m'buku lakuda bii, lomwe palibe amadziwa kumene limapita likadzaza. Kenaka timadabwa kuti wakuba uja woimba kuti "ndatumiza ndalama molakwitsa" walidziwa bwanji dzina lathu.

Nanga muchite chiyani?

Musagule. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo mauthenga ake a pafoni, ndipo ukwati sufafaniza ufulu umenewu. Tilinso ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe woliyang'anira ndi MACRA. Mnyamatayo mwina ndi wakuba wamba amene adye ndalama zanu n'kukupatsani pepala lopeka, kapena alidi ndi munthu mkati, ndiye kuti nambala yanunso ili pamalonda. Kadandauleni polemba kalata ku kampani ya foniyo, sungani kope lake, ndipo akapanda kuyankha pitani ku MACRA. Za amuna anuwo, afunseni maso ndi maso, zikakanika itanani ankhoswe.