Yankho kwa amalume pa zoyezetsa munthu asakudwala

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaliona funso lanu pagulupu, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba zonsezi chala chingatope. Azakhali ndi achemwali mumvetserenso, chifukwa zina zikukhudza inu.

Mwati pa zaka 52 simumva kuwawa paliponse, nanga mukayezetsenji. Mwatinso pali wina akukuuzani kuti akuunikeni thupi lonse pamakina, kenako muzigula mankhwala azitsamba otsuka magazi, ndiye mukufunsa ngati zimenezo sizokwanira. Yankho langa ndi lakuti kayezetseni ndithu, koma osati thupi lonse ayi. Zofunika kuyeza ndi zochepa, ndipo choyamba ndi BP.

Vuto la BP ndi lomweli mwanenali, silipweteka. Zoti munthu wa BP amamva mutu kapena chizungulire, ambiri samva kalikonse. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati akuluakulu pafupifupi 1.3 biliyoni ali ndi vuto lothamanga magazi, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa n'komwe. Magazi akamakankha mitsempha mwamphamvu zaka ndi zaka, mitsempha ija imauma, mtima umakula chifukwa chogwira ntchito yolemetsa, timitsempha ta mu impso ndi m'maso timaonongeka pang'onopang'ono. Tsiku loti munthu amve kanthu, mwina ndi tsiku lomwe pakamwa papindika, dzanja lakana kunyamuka. Agogo zinawachitikira choncho, ndipo poti anali bambo anu okuberekani, chiopsezo chanu ndi chokwererapo kuposa cha mnzanu wamsinkhu wanu amene kwawo kulibe nkhaniyi.

Tsono kayezedwe kake mumvetsetse, chifukwa apa ndi pamene anthu amatenga nambala yabodza. Musangofika wefuwefu n'kupereka mkono. Khalani pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi, osapingasa miyendo. Mkono ugone patebulo molingana ndi pamtima. Muyambe mwataya madzi, chikhodzodzo chodzaza chimakweza nambala. Fodya kapena khofi zisakhale kuti mwangomaliza kumene, padutse mphindi 30. Ndipo lamba woyezera uja amamanga pamkono akamafufuma musalankhule, amalume, ngakhale woyezayo akufunseni za kunyumba. Inu mikono yanu ndi yaikulu, mupemphe lamba wamkulu, wamng'ono amanamizira kuti BP yakwera. Ikapezeka 140 pa 90 kapena kuposa, sikuti basi mwapezeka ndi matenda. Iyenera kuyezedwanso tsiku lina, ikabwerezanso choncho m'pamene amatsimikiza. Koma ikafika cha m'ma 180 pa 120, makamaka mukumva kupweteka pachifuwa, kubanika kapena maso akuchita mdima, imeneyo siyodikira mawa.

Chachiwiri shuga. Amayeza m'mawa musanadye kanthu, mutakhala maola 8 osadya. Ikafika 7.0 kapena kuposa n'kubwerezanso, ndi matenda a shuga. Ikakhala pakati pa 6.1 ndi 6.9, munthu sanadwale koma ali pakhomo, ndipo ineyo ndimaona kuti amene wapezeka pamenepa ndi wamwayi. Ndikufotokozereni chifukwa chake. Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, pa anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Ena anawapatsa mapiritsi a shuga otchedwa metformin, ena anawathandiza kusintha kadyedwe, kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, ndi kuchepetsa thupi ndi makilo 7 pa 100 aliwonse. Kwa omwa mapiritsi, chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 31 peresenti. Kwa oyenda ndi kusintha kadyedwe chinatsika ndi 58 peresenti. Ku Finland anapezanso 58 yemweyo mu 2001. Tangoganizani, munthu wolemera makilo 90 akungofunika kutaya pafupifupi makilo 6 okha, osati kuonda mpaka anthu azifunsana kuti akudwala chiyani.

Kunyumba komweko pali choyezera chosavuta. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuyambira kuphazi mpaka kumutu, muchipinde pakati, ndiye muchizunguze pamimba cha pamchombo. Chikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi matenda a mtima. Mukapita kuchipatala mupemphenso ayeze mkodzo ndi magazi kuti aone impso, komanso mafuta a m'magazi aja amati kolesitulo ngati zipangizo zilipo. Basi.

Azakhali ndi achemwali, yanu ndi khansa ya khomo la chiberekero. Iyi ndi imodzi mwa khansa zimene kuyezetsa kumapulumutsadi moyo, chifukwa imayamba ndi kachirombo ka HPV ndipo pamatenga zaka zambiri isanasanduke khansa yeniyeni. Akaona msanga tizilonda toyambirira amatipsereza pomwepo, nkhani n'kuthera pamenepo. WHO imati kuyezetsa kuyambe pa zaka 30, ndipo kwa mayi amene ali ndi HIV pa zaka 25, chifukwa chiopsezo chake ndi chochuluka kasanu ndi kamodzi. Musadikire kuti muyambe kutaya magazi mosadziwika bwino.

Tsopano za makina ounika thupi lonse zija. Anthu timaganiza kuti kuyeza zambiri ndiye kusamala kwambiri, koma thupi la munthu wa zaka 50 ukaliunika paliponse sulephera kupezamo kanthu. Kachotupa apa, kakadontho apo, zambiri zosavulaza, zoti munthu akanakhala nazo mpaka ukalamba osadziwa. Koma zikangooneka, mtima sukhalanso m'malo, amafuna adule kanyama akapime, mwinanso opaleshoni. Ku South Korea zinachitika. Atayamba kuunika anthu ambirimbiri chithokomiro cha pakhosi, chiwerengero cha opezeka ndi khansa yake chinakwera ka 15 pakati pa 1993 ndi 2011, koma chiwerengero cha omwalira nayo sichinasinthe. Anthu miyandamiyanda anachotsedwa chithokomiro n'kuyamba kumwa mapiritsi moyo wawo wonse, pa matenda amene sakanawapha. Ndi chifukwa chake ngakhale za kuyezetsa khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, zimene mukumva anzanu akukamba, dokotala wabwino amayamba wakhala nanu pansi kukufotokozerani ubwino ndi kuipa kwake musanapereke magazi. Funso loti muzifunsa ndi ili: mukapeza kanthu, tichita chiyani chimene sitikanachita? Ndipo ngati woyezayo ndi yemwenso akugulitsa mankhwala ake, aaa, ine sindinamvepo makina otero atauza munthu kuti uli bwinobwino, pita kwanu.

Za zitsamba sindikunyoza, amalume, musandimve molakwa. Mankhwala ena a kuchipatala anachokera ku zomera, metformin yemweyo chiyambi chake ndi chomera. Koma chinthu chikakhala ndi mphamvu yochiza chimakhalanso ndi mphamvu yovulaza. Pali chitsamba chotchedwa St John's wort chimene chimafooketsa ma ARV ena ndi mapiritsi olera. Muzu wa liquorice, umene amauika m'matiyi ena azitsamba, umakweza BP. Ngakhale mavitamini: m'zaka za m'ma 1990 anayesa kupatsa anthu osuta fodya mapiritsi a beta-carotene poganiza kuti awateteza, m'malo mwake khansa ya m'mapapo inachuluka. Zoti kutsuka magazi, ntchito imeneyo ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo ziwalo zomwezo ndi zimene zimayamba kuvulala ndi zosakanizasakaniza zosadziwika muyezo. Ndiye chilichonse chimene mukumwa, mutenge botolo lake mukawaonetse achipatala, musabise poopa kukalipiridwa. Muwauzenso za mapiritsi a ululu aja, ibuprofen ndi diclofenac, amene mumamwa msana ukavuta. Ukamawamwa pafupipafupi amakweza BP ndipo amatopetsa impso.

Chimene ndikufuna chisakusokonezeni ndi maganizo oti musankhe chimodzi, mapiritsi kapena kudzisamalira. Zimayendera limodzi. Akakupatsani mankhwala a BP, mumwe tsiku lililonse, ndipo nambala ikatsika musasiye, yatsika chifukwa cha mankhwalawo. Pambali pake mchepetse mchere. Muyezo wa WHO ndi wosafika magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo muwerengere ndi wobisika m'zakudya za m'mapaketi ndi m'zitini, osati wowaza pambale wokha. Masamba ndi zipatso zichuluke, zakumwa zotsekemera zichepe. Kuyenda ndi mphindi 30 masiku 5 pa sabata, mwandawala moti mutha kulankhula koma kuimba kukukanikani. Mowa muchepetse, mukudziwa kale. Fodya ndiye palibe muyezo wabwino, ngakhale ndudu imodzi patsiku imavulaza mtima.

China, azakhali ananenapo kuti mumaliza mkonono kwambiri, nthawi zina mpweya n'kuima kaye kenako n'kudzidzimuka. Chimenecho mukachitchule kwa dokotala, si nkhani yoseketsa chabe. Kubanika kutulo kumakweza BP, ndipo kumachititsa kuti mankhwala azioneka ngati sakugwira ntchito.

Ndiye sabata ino yambani ndi BP, masiku awiri osiyana, ndi shuga wa m'mawa. Mugule kakope kakang'ono muzilembamo tsiku, nthawi ndi nambala zonse ziwiri, yapamwamba ndi yapansi, osangoti anati ili bwino. Mukalemba mujambule munditumizire kumbali ngati simukufuna gulu lonse lione. Botolo la zitsamba lija mujambulenso kumbuyo kwake pamene alemba zosakaniza, ndione kaye musanagule lina.