Mwana wanga akusewera ndi zilembo za Chemistry, kodi ndimuletse?

Mayi wina wandilembera motere: "Mwana wanga wamkazi ali ku sekondale ndipo amalakalaka kudzagwira ntchito ya zamankhwala. Koma masiku ano ndikasuzumira m'kope lake ndimapeza mawu ngati GaLu ndi MoNi. Akuti ndi masewera a maelementi omwe amapikisana ndi anzake. Mayeso ayandikira. Kodi uku si kutaya nthawi?"

Mayi, musamuletse. Masewerawa ndimawadziwa ndipo ndimawakonda, kungoti pali pomwe amathera, ndiye mwanayo afunika kumuwolotsa pamenepo.

Choyamba ndikufotokozereni zomwe akuchitazo. Zinthu zonse zomwe timaziona ndi kuzigwira zinapangidwa ndi maelementi, ndipo odziwika lero alipo 118. Iliyonse ili ndi chizindikiro cha chilembo chimodzi kapena ziwiri. Mwana wanu akulumikiza zizindikirozo kuti zitulutse mawu. Ga ndi gallium, Lu ndi lutetium, basi galu wapezeka. Mo ndi molybdenum, Ni ndi nickel, wapereka moni. Bambo amalembeka ndi boron, americium, boron ndi oxygen. Omwe amandisangalatsa kwambiri ndi agogo: Ag, Og ndi O. Chaka cha 2016 chisanafike agogo sakanalembeka, chifukwa m'chaka chimenecho ndi pomwe elementi ya nambala 118 inapatsidwa dzina la oganesson ndi chizindikiro cha Og. Koma mawu ngati njovu ndi osatheka mpaka pano, poti palibe chizindikiro chokhala ndi chilembo cha J.

Kuti alembe mawu amodzi okha, mwanayo amayendetsa chala pa tchati chonse cha maelementi, chotchedwa periodic table, kangapo. Mnzake woloweza pamtima amathera pa maelementi 20 oyambirira, pomwe iye wafika kale ku lutetium, nambala 71. Komanso akuzolowera lamulo lomwe limagwetsa ophunzira ambiri pa mayeso, loti chilembo choyamba chimakhala chachikulu, chachiwiri chaching'ono. Co ndi cobalt, chitsulo. CO ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe umapha munthu ali m'tulo. Zilembo n'zomwezo, koma kukula kwa chilembo chimodzi kwasiyanitsa chitsulo ndi poizoni. Amene adzagwire ntchito ya zamankhwala sayenera kuphonya zotere.

Akamasewera adzafunsa yekha kuti bwanji sodium ndi Na, potassium ndi K. Kalembedwe ka zilembo kameneka anakayambitsa Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden cha m'ma 1813, ndipo anatengera mayina a Chilatini. Sodium ndi natrium, potassium ndi kalium, chitsulo cha iron ndi ferrum, n'chifukwa chake Fe. Golide ndi aurum, Au. Siliva ndi argentum, Ag, ndipo dziko la Argentina linatenga dzina lake pa mawu omwewa. Mtovu ndi plumbum, Pb, chifukwa chake wokonza mipope ya madzi amatchedwa pulambala: Aroma akale ankapanga mipope ndi mtovu. Hg ya mercury inachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza siliva wamadzi. Mwana akamva nkhani yomwe ili kuseri kwa chizindikiro, chizindikirocho sachiiwalanso. Mumuuzenso za Ytterby, kamudzi ka ku Sweden komwe kanapereka dzina ku maelementi anayi: yttrium, ytterbium, terbium ndi erbium. Kapena za wasayansi Marie Curie, yemwe mu 1898 anatcha elementi yomwe anaipeza polonium pokumbukira kwawo ku Poland.

Tsopano pomwe masewerawa amathera. Wolemba mayeso sadzafunsa kuti ulembe kalulu ndi zizindikiro. Adzafunsa chifukwa chake sodium ndi potassium zimachita zofanana zikaponyedwa m'madzi. Yankho lake silili m'zilembo, lili pa malo omwe elementiyo yakhala pa tchati. Ziwirizi zili mu gulu loyamba, kutanthauza mzere woyamba wotsika wa tchaticho. Iliyonse ili ndi electron imodzi (kanthu kakang'ono kwambiri kozungulira chapakati cha atomu) m'chigoba chakunja cha atomu yake, ndipo imaitaya mosavuta. N'chifukwa chake mu labu zimasungidwa m'mafuta. Mwana wodziwa zizindikiro 118 koma osadziwa zimenezi ali ngati munthu wodziwa mayina a anthu onse a pamudzi koma osadziwa kuti ndani ndi mbale wa yani.

Ubale umenewu ndi womwe wasayansi wa ku Russia Dmitri Mendeleev anauona mu 1869. Atandandalika maelementi motsata kulemera ndi khalidwe lawo, anapeza kuti ena akusowa, ndipo anasiya mipata m'malo mokakamiza zomwe zinalipo. Ananena kuti pansi pa aluminium payenera kukhala chitsulo chomwe sichinapezeke, nafotokoza mmene chidzakhalire. Mu 1875 Paul-Émile Lecoq de Boisbaudran wa ku France anachipeza. Ndicho gallium, yemwe uja wa mu GaLu, chitsulo chomwe chimasungunuka kutentha kukangofika pafupifupi madigiri 30, moti chimasungunuka ngakhale m'dzanja la munthu. Germanium, yomwe Mendeleev anailoseranso, inapezeka mu 1886. Munthu anadziwa za chinthu chomwe sanachionepo pongoyang'ana oyandikana nacho. Ichi ndicho ndikufuna mwana wanu achigwire, chifukwa tchaticho akachimvetsa chotero, zoloweza zimachepa kwambiri.

Ndiye chitani chonchi, ngakhale inuyo Chemistry simunaiphunzire. Asapitirize masewerawo monga momwe alili, awonjezere lamulo. Mawu aliwonse omwe wapanga, pa chizindikiro chilichonse anene nambala yake, gulu lake, ngati ndi chitsulo kapena ayi, ndi ma electron omwe ali m'chigoba chakunja pomwe silabasi yake ikufuna zimenezo. Akalephera, mawuwo sawerengedwa. Nthawi zina mutembenuze: mumupatse manambala okhaokha, monga 16, 92, 19, 92, 71, iye apeze mawu. Amenewa akutulutsa S, U, K, U, Lu. Mphindi 15 zikakwana atseke kope la masewera, atenge mafunso a mayeso akale, makamaka a mawerengero a mole (muyezo wa kuchuluka kwa chinthu mu Chemistry) ndi kulinganiza ma equation, chifukwa kumeneko masewera a zilembo samuthandiza ngakhale pang'ono.

Pa za ntchito yomwe akuilakalaka, dziwani kuti maphunziro a zamankhwala, a mu labu ya chipatala, a zoyeza madzi ndi a zanthaka onse amafuna Chemistry yolimba pamodzi ndi masamu ndi Biology. Choncho muonenso ngati chidwi chakechi sichikumulanda nthawi ya maphunziro awiri enawo. Ngati akukhoza bwino konseko, mtima wanu ukhale pansi.

Madzulo ano mumupatse manambala awa: 9, 53, 14. Akapeza nyama yomwe yabisala pamenepo, mumufunse kuti awiri mwa maelementi atatuwo ali gulu limodzi, ndi ati, ndipo akufanana pa chiyani.