Kodi malovu angaonetse khansa ya m'kamwa?

Achemwali, mwati bambo anu ali ndi chilonda m'mbali mwa lilime chomwe chatha mwezi osapola, ndipo mukufunsa ngati mungagule kachipangizo koyezera malovu komwe mwakaona pa Facebook m'malo mopita nawo kuchipatala. Ndalama zanu musaononge, apititseni kuchipatala.

Nkhani ya malovu si yabodza ayi. Chotupa chikamera m'kamwa chimakhala chonyowa ndi malovu usana ndi usiku, choncho tizidutswa ta DNA ndi mapuloteni ena ochokera m'chotupacho amagwera m'malovumo. M'chaka cha 2004, gulu la David Wong ku yunivesite ya UCLA ku America linayerekeza malovu a odwala 32 ndi a anthu 32 athanzi, n'kupeza kuti zizindikiro za kutupa m'thupi zotchedwa IL-8 ndi IL-1B zimachuluka mwa odwala khansa. Mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anapeza DNA ya chotupa m'malovu a odwala onse a khansa ya m'kamwa omwe anawayeza, ngakhale odwalawo anali ochepa.

Vuto lake ndi ili: IL-8 imakweranso m'kamwa mukatupa pa chifukwa china chilichonse. Munthu amene nkhama zake zimatuluka magazi akamatsuka mano, kapena amene dzino lamuwola, malovu ake akhoza kuonetsa ngati khansa pomwe palibe. Choopsa kwambiri n'chakuti kachipangizoko kakhoza kunena kuti zonse zili bwino, inu n'kukhala phee kwa miyezi ina khansa ikulowerera m'khosi. N'chifukwa chake mu 2017 bungwe la madokotala a mano ku America linalangiza kuti mayeso a malovu asagwiritsidwe ntchito poweruza chilonda chokayikitsa.

Chomwe chimadula nkhani ndi biopsy: dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kudula kanyama kakang'ono ngati njere ya mpunga kuti akakaone pa makina. Chilonda chilichonse chopitirira masabata awiri, makamaka cholimba m'mbali mwake, kapena banga loyera kapena lofiira lomwe silichoka mukalipukuta, chimafunika kuonedwa. Ngati bambo amasuta fodya, kuika fodya wamphuno m'kamwa kapena kumwa kachasu, muwauze adokotala mosabisa. Ayezetsenso HIV, chifukwa kuno kwathu mawanga ofiirira m'kamwa nthawi zina amakhala Kaposi sarcoma, khansa yomwe imakonda kugwira anthu omwe ali ndi HIV.

Yambirani kwa dokotala wa mano pachipatala cha boma. Akakupatsani mankhwala otsukira m'kamwa koma osasintha, bwereraninso mukapemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu cha Central.